Madzi a ku Bali ndi borehole ya aneba athu ku Chelstone

Ndabwerako mwezi watha koma mpaka lero chikwama china sindinamasule, chili pakona m'chipinda ndipo amai akadutsa amangoti "iwe mwana zovala izi zichita nkhungu." Anzanga pa WhatsApp akhala akundifunsa kuti ku Bali kunali bwanji, ambiri akufuna mapikicha a kubichi, ndipo ndikawauza kuti kunyanja ndinapitako kawiri chabe m'miyezi inayi amadabwa. Ine ndinapita kukaphunzira za chilengedwe ndi chikhalidwe cha anthu a pachilumbacho, ndipo nthawi yanga yambiri inathera m'matope, m'minda ya mpunga kumapiri. So ndati ndilembe pano kamodzi, amene afuna awerenge.

Kwa amene simudziwa, Bali ndi chilumba cha dziko la Indonesia, chaching'ono kwambiri moti ungayende pa galimoto kuchoka kumwera kufika kumpoto tsiku lomwelo, koma pali anthu opitirira 4 miliyoni. Ambiri ndi Ahindu pomwe dziko lonse la Indonesia ambiri ndi Asilamu. Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola 6, ndiye ndikamaimba foni kunyumba madzulo anga kuno kumakhala kudakali masana. Chimene chinandisangalatsa poyamba penipeni ndi mvula, kaili nawonso ali kumwera kwa equator ngati ife, mvula yawo imagwa miyezi yomweyi yathu, Novembala mpaka Malichi. Tinakhala masabata awiri m'kalasi ku Denpasar, likulu la Bali, kenako anatigawa m'makomo a alimi ku Jatiluwih, m'boma la Tabanan, m'munsi mwa phiri la Batukaru. Kumeneko minda ya mpunga inasemedwa m'phiri ngati masitepe, mahekitala opitirira 600, ndipo amalimako mpunga wofiira wachikale umene umatalika ndithu ndipo umachedwa kucha.

Bambo a pakhomo pamene ndinkakhala ndinkawaitana Bapak, mayi ake Ibu, ndi momwe amalemekezerana kumeneko. Tsiku lachitatu Bapak anandidzutsa kudakali mdima, tinatsika ndi kanjira koterera ine ndili ndi rula ndi kope mu pulasitiki, tinafika pamalo pamene ngalande imagawikana. Pamenepo pali chinthu amachitcha tembuku, ndi chotchinga chopingasa m'ngalande, chapamwamba pake chosalala bwinobwino, ndiye madzi akamasefukira pamwamba amagawika m'mipata. Mpata wina waukulu wina waung'ono, ndipo kukula kwa mpata ndiye gawo la madzi la minda imene ili kumunsi kwake. Palibe mita, palibe loko, palibe mlonda. Bapak anagwada, anachotsa masamba ndi kanthambi kamene kanakola pa mpata wa mnzawo, osati wawo, kenako anayika zala zawo pa mpata kundionetsa muyezo. Ine ndinawafunsa ndi Chiindoneziya changa chochepa kuti nanga munthu atabwera usiku n'kukulitsa mpata wake? Anandiyang'ana kanthawi, anati zimachitika, ndipo wotero amakayankha pamsonkhano pamaso pa anzake onse ndi kulipira chindapusa. Ndinalemba mu kope manja akunjenjemera ndi kuzizira, madzi aja ochokera kuphiri amazizira ngati a mu firiji.

Bungwe la alimi amene amamwa ngalande imodzi limatchedwa subak. Ali ndi mtsogoleri wosankhidwa ndi alimi okhaokha, pekaseh, ali ndi malamulo awo otchedwa awig-awig, ndipo akafuna msonkhano amaomba kulkul, ng'oma ya mtengo wobowoka mkati imene imapachikidwa pamwamba. Pamsonkhano munthu wa munda waukulu ndi wa munda waung'ono onse amalankhula. Amagwirizana tsiku lokonza ngalande, tsiku lobzala, mbewu yobzala, ndi nthawi yoti minda ipume. Subak iliyonse ili ndi kachisi wake wa madzi, ndipo akachisi amenewa amalumikizana kukwera mtsinje mpaka kukafika ku akachisi akuluakulu a kunyanja za m'mapiri, monga Pura Ulun Danu Batur pafupi ndi nyanja ya Batur, kumene amalemekeza Dewi Danu, mulungu wamkazi wa nyanjayo. Dongosolo limeneli lakhalapo zaka pafupifupi 1,000 ndipo mu 2012 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse.

Manje nkhani imene inandigwira mtima, imene ndakhala ndikuuza aliyense ngakhale mu minibasi, ndi iyi. M'zaka za m'ma 1970 boma linabweretsa mbewu zatsopano za mpunga zocha msanga, feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo, ndipo alimi anauzidwa kuti asiye kudikira kalendala ya kukachisi, aliyense abzale msangamsanga, kawiri katatu pachaka, kuti dziko likhale ndi chakudya chokwanira. Cholinga sichinali choipa, anthu amafunika kudya. Poyamba zokolola zinakweradi. Koma patapita zaka zochepa tizilombo tinabuka moopsa, makamaka kachilombo kabulauni koyamwa mpunga kamene amakatcha wereng, ndi matenda a mpunga otchedwa tungro, komanso madzi anayamba kuperewera chifukwa onse ankawafuna mosalongosoka. Chifukwa chake n'chosavuta ukachimva. Kale alimi a dera lonse akabzala pamodzi ankakololanso pamodzi, ndiye pamakhala masabata angapo pamene m'dera lonselo mulibe mpunga, minda yamizidwa m'madzi, abakha akudya zotsala, tizilombo ndi makoswe n'kusowa chakudya n'kuchepa. Koma aliyense akamabzala nthawi yake, kachilombo kakamaliza munda uwu kamangodumphira wa pafupi, chakudya chilipo chaka chonse. Komanso sizingatheke kuti mtsinje wonse ubzale tsiku limodzi chifukwa madzi sangakwane, ndiye kalendala ija inali kuyeza zinthu ziwiri nthawi imodzi, dera likhale lalikulu mokwanira kupha tizilombo ndi njala koma losakula kwambiri mpaka madzi kuperewera. Katswiri wina wa ku America, Stephen Lansing, pamodzi ndi mnzake James Kremer, anaika mitsinje ya Oos ndi Petanu mu kompyuta cha kumapeto kwa ma 1980 n'kuyesa makalendala osiyanasiyana, ndipo anapeza kuti kagawidwe ka akachisi kanali pafupi kwambiri ndi kamene kamapereka zokolola zabwino koposa.

Taganizani, wa kumtunda kwa mtsinje ali ndi mphamvu yotseka madzi, koma akamana wa kumunsi, wa kumunsi abzala mochedwa ndipo tizilombo take tikwera kukadya kumtunda. Ndiye wa kumtunda amapatsa madzi osati chifukwa cha chifundo chokha, akudziteteza yekha. Usiku umene ndinamvetsa zimenezi ndinalephera kugona, ndinkangoganiza za mbozi zija zinalowa m'chimanga kwathu kumapeto kwa 2016, mmene aliyense ankathamangira yekha kukagula mankhwala pomwe munda wa mnzake pafupi sunapoperedwe.

Ndinene zoona, ine ndinakulira m'tchalitchi ndipo masiku oyamba nsembe zawo zinkandivuta mumtima. M'mawa uliwonse Ibu ankaluka timadengu ting'onoting'ono ta masamba a kokonati, canang sari, n'kuikamo maluwa amitundumitundu ndi kofukiza, kenako n'kumaika pakhomo, pa kachisi wa banja, ngakhale pa njinga yamoto. Zala zawo zinkathamanga osayang'ana n'komwe, akucheza nane. Sindinapembedze nawo ndipo sanandikakamize ngakhale kamodzi, ankangondimangira nsalu m'chiuno ndi lamba wake ndikamalowa m'bwalo la kachisi. Koma pang'onopang'ono ndinaona kuti sungachotse mwambo n'kusiya ngalande ikuyenda chimodzimodzi. Iwo ali ndi mawu akuti Tri Hita Karana, kutanthauza zinthu zitatu zobweretsa mtendere, kukhala bwino ndi Mulungu, ndi anthu anzako, ndi chilengedwe. Tsiku la mwambo ndi tsiku lomwe alimi a ma subak osiyana amakumana, amadya pamodzi, ndipo ndi pamenepo amamvana za madzi. Apa ndi pamene ndinakumbukira kwathu ku Katete. Mukamayenda pa Great East Road kuyambira ku Petauke kupita kutsogolo, pamene muona mitengo ikuluikulu yachilengedwe yaunjikana pakati pa minda yoyera, nthawi zambiri ndi kumanda. Palibe amene amadula kumeneko. Ndili mwana ndinkangodziwa kuti kumaopsa ndipo ndi kwa akuluakulu, sindinaganizepo kuti mitengo ya mbewu imene yatsala m'midzi yambiri ndi yomweyo.

Mu Malichi ndinaona Nyepi, tsiku lawo la chaka chatsopano. Usiku woti mawa lake ndi Nyepi anyamata amanyamula zidole zikuluzikulu zoopsa, ogoh-ogoh, ndi ng'oma ndi phokoso, ine mtima unapita ku Gule Wamkulu nthawi yomweyo ngakhale tanthauzo lake ndi losiyana. Kenako kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko m'mawa wotsatira chilumba chonse chimakhala zii. Palibe kuyatsa moto kapena malaiti, palibe ntchito, palibe kuyenda pamsewu, ngakhale bwalo la ndege la Ngurah Rai limatsekedwa. Ife ku Lusaka mdima timaudziwa bwino chifukwa cha kuzima kwa malaiti, koma uwu unali mdima wogwirizana, opanda jenereta ngakhale imodzi. Ndinakhala pakhonde ndi Ibu tikumva achule ndi madzi akuyenda m'ngalande, nyenyezi zili mbee.

Tinapitanso kum'mawa kwa chilumba kukaona chilumba cha Lombok kutsidya, makilomita pafupifupi 35 chabe, ndipo aphunzitsi anatiuza za Alfred Russel Wallace, katswiri wa zachilengedwe wa ku Britain, amene anadutsa pamenepo mu 1856 n'kuona kuti mbalame za mbali ziwirizi n'zosiyana, za ku Bali n'za ku Asia, za ku Lombok zayamba kufanana ndi za ku Australia, chifukwa nyanja ya pakatipo ndi yakuya kwambiri moti sinaumepo. Zimenezo ndidzalemba tsiku lina.

Musaganize kuti kumeneko zonse zili bwino ayi. Kambuku wamizeremizere wa ku Bali anatha, womaliza wodziwika anaomberedwa mu 1937. Mapulasitiki ali m'ngalande ngakhale boma la chigawocho linaletsa majumbo ndi mastrolo mu 2019, ndinawatola ndi manja anga pa tembuku pomwe paja. Minda ikugulitsidwa kuti amange nyumba za alendo ndi mahotela, ndipo munda umodzi ukasanduka simenti pakati pa subak ngalande imaduka, a kumunsi amavutika. Kumwera kumene kuli mahotela ambiri akukumba zitsime zakuya ndipo m'malo ena madzi amchere ayamba kulowa pansi. Ana a Bapak onse amagwira ntchito kutawuni, ndipo tsiku lina tikukolola ndi kampeni kakang'ono kobisika m'dzanja, ani-ani, kodula ngala imodziimodzi, ndinayang'ana mzere wonse wa okolola, wamng'ono pa onse ndinali ine mlendo. Zinandiwawa.

Ndiye ndafika kuno ku Chelstone, mu Lusaka, mu Juni, mmawa woyamba ndatsegula pampopi pangotuluka mphepo. Aneba athu anakumba borehole chaka chatha, ena kuseri anakumbanso yawo, ndipo a pakona akuti yawo yayamba kuuma ndiye aitana makina akumbe mozama. Sindikuwadzudzula, munthu ali ndi ana ayenera kusamba ndi kumwa, ndipo aneba athuwo amatilola kutunga ndi zigubu popanda kulipira. Koma Lusaka yakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi mapanga ndi ming'alu, madzi a pansi ndi amodzi, amene ukupopa iwe ndi omwewo akupopa mnzako, ndipo chimene chalowa m'chimbudzi chokumba chimatha kuyenda msanga kufika pachitsime. Tonse tikukumbuka kolera ya 2017 ndi 2018, ndi ija ya 2023 mpaka 2024 pamene Heroes Stadium inasanduka chipatala. Tikukumbuka chilala cha 2024 pamene a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko ndipo Kariba inatsika mpaka malaiti kumasowa pafupifupi tsiku lonse, mapampu a borehole nawonso n'kuima. Kusiyana kwake n'koti ku Jatiluwih madzi amayenda poyera, aliyense amaona mpata wa mnzake, pomwe athu ali pansi pa nthaka ndipo palibe amene amaona kuti mnzake watenga ochuluka bwanji. M'msewu mwathu tili ndi gulupu ya WhatsApp ya za akuba ndi maliro, ndinalembamo kuti bwanji amene ali ndi borehole tiziyeza kuya kwa madzi kamodzi pamwezi n'kumalemba pamodzi, chingwe ndi kope ndili nazo. Ayankha anthu atatu. Tiyamba Loweruka ndi atatuwo.

Lipoti langa la kusukulu ndasintha mutu. Dzulo ndinaimbira ambuya ku Katete kudzera pa foni ya amalume, ndinawafunsa kuti kale ndani ankanena tsiku lomasula ng'ombe kuti zikadye mapesi m'minda, ndipo ndani ankaloleza kukumba chitsime kudimba. Anaseka, anati "mdzukulu wanga, wakwera ndege mpaka kutsidya kwa nyanja kuti uzandifunse za ng'ombe?" Kenako anayamba kufotokoza za anyakwawa, za mmene munthu sankatentha tchire asanamve mawu, za chitsime cha kudambo chimene sankachapirapo, mpaka mayunitsi anatha tili pakati. Mwezi wamawa ndikupita ku Kulamba ku Mkaika, ndipo ndawauza amalume kuti ndikatsala kumudzi sabata yonse. Ambuya ati ndibweretse shuga, mafuta opaka m'maondo ndi kope lalikulu.