Mawu akuti "tower": kumene anachokera ndi zomwe amanyamula

Mawu a Chingerezi akuti "tower", omwe amatchulidwa ngati "tawa", kwawo ndi ku Chilatini, chinenero cha Aroma. Iwo ankati "turris", ndipo limodzi mwa matanthauzo ake linali la nkhondo. Inali nsanja yomangidwa pa linga la mzinda, pomwe msilikali ankaima n'kumaona adani akadali kutali. Nsanja zamatabwa zamagudumu zomwe ankazikankhira pa linga la adani ankazitchulanso chimodzimodzi.

M'Chingerezi mawuwa analowa kawiri. Poyamba anabwera ngati "torr" m'Chingerezi chakale. Kenako mu 1066 William wa ku Normandy, dera la ku France, analanda England, ndipo anthu ake olankhula Chifalansa anabwera ndi "tur", lomwe ndi kholo lenileni la mawu a lerowa. William yemweyo ndiye anayambitsa ntchito yomanga nsanja yotchedwa White Tower mu London cha m'ma 1078. Pambuyo pake mafumu ena anawonjezerapo malinga ndi nsanja zina zambiri, koma mpaka lero malo onsewo amangotchedwa Tower of London, ngati kuti nsanjayo ndi imodzi. Abale ake a mawuwa ali ponseponse: Chipwitikizi chimati "torre", Chifalansa "tour", Chijeremani "Turm". Kansanja kakang'ono ka pakona pa linga ndi "turret".

Pali msampha umodzi powerenga. Mneni "tow" amatanthauza kukoka, monga kukoka galimoto yowonongeka, ndipo chokokacho chimalembedwanso "tower". Zilembo n'zofanana, koma ichi chimamveka ngati "towa" ndipo chilibe ubale uliwonse ndi "turris".

Amisiri samatchula chilichonse chachitali kuti "tower". Kwa iwo "tower" imaima yokha: yachitsulo kawirikawiri imakhala ndi miyendo itatu kapena inayi yotakasuka pansi, yozikika m'konkire, n'kumaonda pokwera. Yowonda kuyambira pansi mpaka pamwamba, yogwiridwa ndi zingwe zachitsulo zokokera mbali zitatu, ndi "mast". Kusiyanaku si kwa dzina chabe. "Mast" imafuna chitsulo chochepa koma malo aakulu, ndipo chingwe chimodzi chikadyedwa ndi dzimbiri pomwe chazikidwa m'nthaka, chonsecho chimatha kugwa. "Tower" vuto lake limakhala pa maziko. Ya ku Pisa, ku Italy, anayamba kuimanga mu 1173 pa dothi lofewa, maziko ake akuya mamita atatu okha, ndipo inayamba kupendekera isanathe n'komwe. Anaitseka mu 1990, nachotsa dothi pang'onopang'ono pansi pa mbali yomwe inali yokwera kuti iwongokeko, n'kuitsegulanso mu 2001.

"Water tower" ndi nsanja ya thanki ya madzi, ndipo apa kutalika ndiye ntchito yake yonse. Mamita 10 aliwonse okwera m'mwamba kuchokera pa mpopi kufika pa madzi a m'thanki amapereka mphamvu ya pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyeso wa mphamvu yokankha ya madzi). N'chifukwa chake thanki yoikidwa pa mamita atatu imatulutsa madzi ofooka kubafa, ngakhale ikhale yaikulu chotani. Kukula kwa thanki kumangochulutsa madzi, sikuwonjezera mphamvu.

Ife timamasulira kuti nsanja, ndipo ndimaona kuti anasankha bwino amene anayamba kutero. Nsanja ya kumunda, ya mitengo inayi yamphanda ndi ina yosanjidwa pamwamba, ntchito yake ndi yomwe ija ya Aroma: kukwera kuti uone anyani kapena mbalame zisanalowe m'mapira. Koma nsanja siikwana paliponse. "Tower block" ya ku Britain ndi nyumba yosanja yaitali yokhalamo mabanja ambiri. Ndipo Mngerezi akanena kuti wina "towers over" anzake, palibe chomangidwa chilichonse pamenepo. Akungotanthauza kuti munthuyo ndi wamtali kuposa onse omwe waima nawo, kapena kuti amawaposa kutali pa luso.