Fupa la mkono likakana kugwirana

Wothyola tiyi wa kuno ku Mulanje akabwera patatha miyezi 6 mpaka 9 chithyokereni mkono, pothyokapo pakugwederabe, sindimuikanso chikhakha, amafunika opaleshoni. Pakati pa chigongono ndi dzanja pali mafupa awiri, radius (la mbali ya chala chachikulu) ndi ulna (la mbali ya chala chaching'ono), ndipo limodzi likapanda kugwirana chikhatho chimavuta kutembenuza.

Ndimayamba ndi kujambula mkono mbali ziwiri, chigongono ndi mfundo ya dzanja zionekere. Kenako magazi: CRP ndi ESR (zoonetsa ngati m'thupi muli kutupa), shuga ndi HIV. Chomwe ndikufuna kudziwa n'chakuti mkatimo muli tizilombo kapena ayi, ndipo bala lomwe linatulukapo mafinya ndimalikayikira ngakhale litapola. Osuta fodya ndimawauza mosabisa kuti: "Bambo, mukapanda kusiya, fupali lichedwa kugwira." Odwala ambiri a kuno opaleshoni yotere amakachitidwa ku Queens, ku Blantyre.

Mu fiyeta timachotsa zitsulo zakale ngati zilimo, n'kupala mnofu wolimba womwe wamera pakati mpaka nsonga za fupa ziyambe kutuluka timadontho ta magazi. Apa osapupuluma, fupa lakufa siligwira. Timaboola njira ya mafuta a m'fupa yomwe inatsekeka, n'kutumiza tizidutswa 5 ta pamalopo ku labu kuti akaone ngati muli tizilombo.

Fupa lomwe lamera fupa latsopano lotupa m'mbali mwa pothyokapo ndi lamoyo, limangosowa cholimbitsa. Timaika puleti ya 3.5 mm yopanikiza nsonga ziwirizo, masikuluwu osachepera 3 mbali iliyonse. Lomwe nsonga zake zafota limafunanso fupa lina, lomwe timakatenga m'chiuno mwa wodwala yemweyo. Pothyokapo pakakhala mafinya kapena mpata waukulu timagawa opaleshoni pawiri: kuyeretsa ndi kuika mumpatamo simenti ya mankhwala opha tizilombo kaye, fupa la m'chiuno pakatha masabata 6 mpaka 8.

Pomwe ntchito imaonongekera ndi pa radius. Fupali ndi lokhota mwachilengedwe ngati uta. Ukaliwongola kapena kulifupikitsa, ligwira ndithu, koma munthuyo adzavutika kutembenuza dzanja polandira chinthu. Tizidutswa ta fupa tikagwera pakati pa radius ndi ulna tingawamatitse pamodzi, choncho timatsuka bwino tisanasoke.

Wodwala akatsitsimuka, mkono ukhale pamwamba ndipo zala aziseweretsa tsiku lomwelo. Pakakhala ululu wokulirakulira, makamaka powongola zala, muitane adokotala msanga, chifukwa kutupa kwa mkati kumapha mnofu. Ulusi timachotsa pakatha masiku 14. Khasu, njinga ndi dengu la tiyi zidikire mpaka chithunzi chionetse kuti fupa lagwira, kawirikawiri pa miyezi 3 mpaka 6.