Mmene ndinalekanitsira mbali ziwiri za praziquantel

Kuno ku Mangochi ndani sadziwa praziquantel, piritsi lowawa lija amagawa m'masukulu chifukwa cha likodzo. Koma m'piritsimo muli mamolekyu amitundu iwiri, R ndi S, theka theka, ofanana ngati nsapato yakumanja ndi yakumanzere. Amene amapha nyongolotsi ndi R, mnzakeyo ndiye amabweretsa kuwawa kwambiri. Polekanitsa mankhwala timawadutsitsa mu kolamu, kachubu kodzaza ndi ufa komwe amatulukamo pa nthawi zosiyana, koma pa kolamu wamba yotchedwa C18 awiriwa amatulukira limodzi, pa kompyuta n'kuoneka nsonga imodzi basi.

Ndiye ku labu anandipatsa kolamu ya Chiralcel OD, mkati mwake muli silika (ufa wonga mchenga) wokutidwa ndi cellulose (chinthu chopezeka m'zomera) amene anamusintha pang'ono, luso la Yoshio Okamoto wa ku Japan m'zaka za m'ma 1980. Cellulose ameneyu naye ali ndi mbali yake, ndiye molekyu imodzi imakakamira m'timipata take nthawi yaitali, inayo imadutsa msanga.

Ndinayamba ndi kupera piritsi la 600 mg, kuyeza ufa pang'ono pa sikelo, kusungunula mu isopropanol kenako kusefa ndi fyuluta ya 0.45 µm, apa osachita ulesi ayi chifukwa tizinyalala ta piritsi timatseka kolamu ndipo kolamuyi mtengo wake si wamasewera. Popanga zamadzimadzi zoyendetsa mankhwala mu kolamu ndinasakaniza hexane ndi isopropanol, hexane wambiri. Botolo muzilitseka abale, hexane sachedwa kuuluka, kukakhala kotentha ngati kwathu kuno mu Okutobala muyeso wanu umasintha inu osadziwa. Chloroform ndi acetone osayandikitsa nkomwe, zimasungunula cellulose uja kolamu n'kutha ntchito.

Chotopetsa ndi kudikira. Pampu pa 1 mL pa mphindi, iwe uli phee kuyang'ana kompyuta mpaka mzere wa UV, wochokera ku makina ozindikira mankhwala akamatuluka mu kolamu, ukhazikike. Utakhazikika ndinabaya sampulo kadontho chabe, patapita mphindi zingapo nsonga yoyamba inatuluka, mzere unatsika mpaka pansi, yachiwiri n'kubwera, kukula kwake pafupifupi chimodzimodzi. Nsongazo zikakhala zogundana mumachepetsa isopropanol n'kuyambiranso.

Kuti ndidziwe R ndi iti ndinabaya R yekhayekha n'kuona nthawi imene watulukira. R yemweyu ndi amene ali mu arpraziquantel, piritsi laling'ono la ana osayamba sukulu losungunuka m'madzi, lomwe a European Medicines Agency, bungwe loona za mankhwala ku Ulaya, ananena mu Disembala 2023 kuti ndi loyenera kugwiritsidwa ntchito.