Buku la Agogo ndi Kamlatho ka ku Dambo

Lero Loweruka ndinadzuka kusanache bwinobwino, kunja kukuwaza kamvula kaja kamene ife a ku Mzuzu tinakazolowera, ndipo ndinapita ku Luwinga kumene kuli yadi ya kampani ya banja lathu. Bambo anatiitana tonse, ine, achemwali anga ndi bambo aang'ono, kuti tikatulutse katundu m'chipinda chosungiramo zida, chifukwa kuyambira mwezi wamawa achemwali ndi amene aziyendetsa kampani, ndipo akufuna chipindacho chikhale chojambuliramo mapulani.

Tinatulutsa mafosholo otha milomo, mipini ya mapiki, mawilibala obooka ndi levulo yakale yamatabwa. Pansi pa zonsezi panali bokosi lachitsulo, ndipo m'katimo tinapezamo buku lachikuto cholimba, lonunkha chinyontho, lolembedwa ndi dzanja la malemu agogo aamuna. Bambo atangoliona anasiya ntchito, nakhala pa thumba la simenti, ndipo kwa kanthawi sanayankhule.

Agogo anali a ku Ntcheu. Monga anyamata ambiri a nthawi yawo, anapita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu okagwira ntchito kumigodi, ndipo kumigodi n'kumene anaphunzira kusakaniza konkire ndi kumanga zitsulo. Anabwerera kumudzi boma litaletsa kulemba anthu opita kumigodi mu 1974, ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana. Kenaka analembedwa ntchito ya umisiri ku nthambi ya boma yokonza misewu, ndipo ntchitoyo ndi imene inawabweretsa kuno kumpoto. Bambo amati Mzuzu umene agogo anaupeza unali tauni yaing'ono, yochokera ku minda ya mitengo ya mafuta yotchedwa tung imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1940, ndipo misewu yambiri inali yafumbi m'chilimwe ndi yoterera m'dzinja. Masamba oyamba a bukuli ndi a nthawi imene Mzuzu unkasanduka mzinda, mu 1985. Apa n'kuti agogo atasiya ntchito ya boma n'kuyamba kudziimira paokha, ali ndi mawilibala awo, aganyu ochepa ndi ana awo awiri aamuna.

Chimene chandikhudza kwambiri m'bukumo si ndalama, koma m'mene ankalembera. Pa ntchito iliyonse ankalemba matumba a simenti, maulendo a mchenga ndi miyala ya kwale, kenaka m'mphepete mwa tsamba ankaonjezerapo zimene anaona pa nthaka: kuti pakuti dothi ndi lofiira ndi louma bwino, pakuti ndi lakuda ndipo limatuluka madzi ukangokumba kufika m'chiuno. Dzina la munthu aliyense waganyu lili pamzere wake, ndi chidindo cha chala pambali pake posonyeza kuti walandira malipiro. Pali tsamba lina limene zidindo zonse zilipo, koma pamzere wa agogo eni ake palibe kanthu. Bambo aang'ono anati mwezi umenewo kunyumba ankadyera nsima masamba a maungu opanda mafuta.

Bambo anatenga utsogoleri pa nthawi imene zinthu zinkasintha mofulumira. Mu 1996 kunabwera lamulo lokhazikitsa bungwe la National Construction Industry Council, ndipo kontilakitala aliyense anayenera kulembetsa ndi kuikidwa m'gulu molingana ndi kukula kwa ntchito imene angaikwanitse. Agogo sanazikonde zimenezi. Ankati mlatho sumangidwa ndi mapepala, ndipo anthu amene anawamangirapo ndiwo mboni zawo. Bambo ndi amene anaumirira, nayenda ulendo wa ku Lilongwe kukalembetsa, ndipo ine ndikuona kuti pakanapanda kuumirira kumeneko kampani ikanathera limodzi ndi agogo. Chiyambire pamenepo ntchito zathu zakhala zokonza ngalande, kuika makalavati odutsira madzi pansi pa msewu, kuthira gelevulo m'misewu ya m'madera ndi kumanga timilatho ting'onoting'ono. Misewu ikuluikulu, monga wa ku Nkhata Bay umene unakonzedwanso ndi ndalama za African Development Bank, imapita kwa makampani okhala ndi makina ambiri, ndipo ife timangoyembekeza kuti mwina atigawireko ngalande za m'mbali.

Nkhani ya thipa yathu, lole yonyamulira mchenga ndi miyala, bambo saikamba kawirikawiri, koma lero anaikamba. Ofesi ina inawapatsa ntchito, anaimaliza pa nthawi yake, oyendera anabwera n'kuivomereza, koma malipiro anachedwa kupitirira chaka. Ngongole ya kubanki inkangokula, ogulitsa simenti ankabwera pageti m'mawa uliwonse, ndipo mapeto ake anagulitsa thipa imodzi yokha imene tinali nayo kuti alipire anyamata. Ine ndinali kusekondale, ndipo ndimakumbukira kuti teremu imeneyo ndinapita mochedwa. Vuto lina ndi la kugwa mphamvu kwa kwacha. Munthu umawerengera mtengo wa ntchito lero, tenda imatuluka patapita miyezi, ndipo pofika poyamba kukumba mitengo ya simenti, zitsulo ndi dizilo yakwera kale. Kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bambo anali pakati pa ntchito imene anaiwerengera kale, ndipo anaimaliza ndi ndalama za m'thumba.

Chakumasana mvula itakata, bambo anati tikwere galimoto, pali chimene akufuna kutionetsa. Tinadutsa m'tauni n'kutsetsereka cha ku Chibavi, mpaka pamalo pamene msewu wafumbi umaoloka kadambo. Ndakhala ndikudutsa pamenepo kambirimbiri osadziwa kuti kamlathoko anamanga ndi agogo, bambo ali mnyamata wokankha wilibala. Sikooneka bwino: konkire wake anada, ndere zinamera m'mbali, ndipo amayi ena anali atayanikapo zovala. Koma bambo anatsikira m'munsi, nsapato zikumira m'matope, natiitana kuti tione tokha kuti khoma lake lilibe mng'alu.

"Apa tinakumba masiku ambiri," anatero bambo. "Mwini ntchito ankati tikuchedwa, koma agogo anu anakana kuthira konkire pa dothi lakuda. Tinachotsa lonse mpaka tinapeza pouma, n'kuyala miyala." Anafotokozanso kuti muyeso unali umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala, ndipo akamaliza kuthira ankaphimba ndi masaka onyowa, iwo n'kumatunga madzi m'mawa ndi madzulo kwa mlungu wathunthu, chifukwa konkire akauma mofulumira amang'aluka, ndipo mphamvu yake imakwanira pakatha masiku 28. Mvula yoopsa ya mu April 2016, imene inagwetsa nyumba zambiri m'madera otsika a mzinda uno, inasefukira pamwamba pa kamlathoko n'kukokolola dothi la mbali zonse ziwiri, koma iko sikanasunthe.

Achemwali, amene anaphunzira uinjiniya ku Polytechnic ku Blantyre isanasinthe dzina kukhala MUBAS, anayeza m'lifupi mwa kamlathoko ndi tepi, nayang'ana kumtunda kumene tsopano kwadzaza nyumba za malata. Anauza bambo mwaulemu kuti kamlathoko n'kolimba ndithu, koma kachepa, chifukwa madzi amene kale ankalowa pansi m'tchire tsopano amatsika onse nthawi imodzi kuchokera pa madenga ndi m'mabwalo. Ndinkaganiza kuti bambo akhumudwa. Iwo anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Mwananga, zimenezo ndiye tinakutumizira kusukulu. Agogo ako ankayang'ana pansi, iwe uziyang'ananso kumtunda."

Pobwerera tinaima ku yadi kuti titseke. Anyamata anali akuumba mabuloko a simenti, amene analowa m'malo mwa njerwa zootcha pa ntchito za boma chitulukire malamulo a 2018 oteteza mitengo. Bambo anapereka buku lija kwa achemwali ndi manja awiri, ndipo iwonso analilandira ndi manja awiri atanyonyomala. Ine ndinapempha kuti ndigone nalo usiku umodzi. Panopa lili patebulo pano, ndalitsegula pafupi ndi mbaula kuti chinyontho chichoke, ndipo ndikujambula tsamba lililonse ndi foni, chifukwa inki ya masamba oyambirira yayamba kufufutika.