Musanagule kanthu, suzumirani kuseri kwa TV

Zonse zinayamba tsiku limene amayi anabwera kudzatichezera. Ana anaumirira kuti agogo awo aone kanema amene tinajambula mzime wathu akuphunzira kuyenda, masiku aja ankangoti dedede n'kukhala pansi. Kanemayo anali mu laputopu. Tinaunjikana anthu asanu ndi awiri pa kasikirini ka mainchesi 14, uyu akukankha mnzake, wa kumphepete akudandaula kuti akungoona mdima. Amayi, amene maso anayamba kale kuwavuta, anasuzumira pang'ono kenako n'kubwerera m'mbuyo. "Muzingondiuza zomwe zikuchitikazo, ine ndizimva," anatero. Mawu amenewo anandilasa mtima, chifukwa pakhoma pamwamba pa mitu yathu panali TV ya mainchesi 40 ili duu, yozimitsa.

Anthu awiri amene ndinawafunsa nzeru anandiuza zofanana, ati ndigule smart TV. Sindinagule, ndipo mpaka lero sindinaigule. TV yathu siidziwa n'komwe intaneti, koma tsopano imaonetsa chilichonse chomwe chili mu kompyuta. Ndalama yokhayo imene ndinataya pa nkhani yonseyi inapita pa kachipangizo kamene ndinagula ndisanaonetsetse mabowo a zipangizo zanga.

Ndiye inu yambirani pamenepo. Ikokeni pang'ono TV, yatsani tochi ya foni, muwerenge mabowo ali kuseriko. La HDMI ndi lophwatalala, ngodya ziwiri zam'munsi zili ngati zodulidwa, ndipo nthawi zambiri pambali pake amalembapo HDMI 1 kapena HDMI 2. La VGA limakhala labuluu, lili ndi timabowo 15 m'mizere itatu. Pali aja atatu ozungulira, lachikasu, lofiira ndi loyera, ndiye pali la USB limene tonse timalidziwa. Jambulani chithunzi, mukajambulenso m'mbali mwa kompyuta yanu. Zithunzi ziwirizo ndi zimene zikuuzeni chogula, osati wogulitsa.

TV yathu inali ndi mabowo awiri a HDMI ndi limodzi la USB, ndipo laputopu nayo inali ndi HDMI. Apa zinandiyendera, pakuti chingwe chimodzi cha HDMI chimanyamula chithunzi ndi mawu omwe. Wogulitsa anayesa kundikopa ndi chingwe chonenepa cha mitu yonyezimira ngati golide, ati chimenecho ndiye chimaonetsa bwino. Ndinatenga chamba wamba cha mamita awiri. Zodutsa m'chingwe cha HDMI ndi manambala okhaokha, ndipo akafika onse chithunzi chimakhala chimodzimodzi, kaya chingwecho n'chotchipa kaya n'chodula. Chimene chimavuta ndi kutalika: mukapitirira mamita 10 zingwe wamba zimayamba kulephera, chithunzi chimathima n'kuyakanso.

Nditalumikiza, TV inangolemba kuti No Signal. Apa ambiri amafulumira kunena kuti chingwe n'chakufa. Ayi, TV imafuna muiuze bowo limene iziyang'anako. Pa rimoti pali batani la Source kapena Input. Ndinalidina n'kusankha HDMI 1. Kenako pa laputopu, imene ili ndi Windows, ndinadina batani la Windows pamodzi ndi P, ndipo kumbali kunatuluka zosankha zinayi. Duplicate imaonetsa zofanana pa masikirini onse awiri, Extend imapangitsa TV kukhala ngati tebulo lachiwiri pomwe mungakokereko kanema inu mukugwira ntchito ina, ndipo Second screen only imazimitsa ya laputopu n'kusiya TV yokha. Ine poonera kanema ndimakonda yomalizayi. Sikirini ya laputopu yanga ndi ya 1366 x 768 pomwe TV ndi ya 1920 x 1080, ndiye pa Duplicate TV imatsitsidwa kuti ifanane ndi mnzake wamng'onoyo, chithunzi n'kuoneka ngati chapakidwa mafuta.

Chithunzi chinabwera, koma mawu anapitirira kutulukira m'timasipika ta laputopu. Mankhwala ake ndi apafupi: dinani kachizindikiro ka sipika pafupi ndi wotchi, musankhe dzina la TV pamndandanda wa kotulukira mawu. Chimene chinandizunguza kwambiri chinali china. M'mphepete monse mwa chithunzi munali modyeka, mzere wa pansi wa Windows ukuoneka theka. Ndinakhalira kusinthasintha za mu kompyuta madzulo onse, pomwe vuto linali mu TV. Ma TV ambiri amakulitsa chithunzi pang'ono n'kutaya m'mbali, chizolowezi chotsalira kuyambira nthawi ya ma TV akale aja agalasi lokhuthala. Chimazimitsidwa pamene pamasinthidwa kukula kwa chithunzi, ndipo kampani iliyonse ili ndi dzina lake: LG amati Just Scan, Sony amati Full Pixel, ma Samsung ambiri amati Screen Fit. Nditangosankha, zilembo zonse zinaoneka bwinobwino.

Ziwiri zazing'ono zinamaliza ntchito. Mu Power Options, pamene Windows imasinthira za moto ndi batire, ndinauza laputopu kuti isamagone ndikaitseka, ndipo ndimaiika pamalo opita mphepo kuti isatenthe. Ndinagulanso kamausi kopanda chingwe, moti ndimayendetsa zonse nditakhala pampando. Poonera ndimagwiritsa ntchito VLC, pulogalamu yaulere imene imatsegula pafupifupi kanema aliyense. Mawu akamatsogola milomo kapena kutsalira, mabatani a J ndi K amawasuntha pang'onopang'ono mpaka zigwirizane.

Ngati laputopu yanu ndi yatsopano yopyapyala ija yopanda HDMI, pali tizipangizo tochoka ku USB-C kupita ku HDMI. Koma si bowo lililonse la USB-C limatulutsa chithunzi. Ena ndi otchajira ndi kukopera mafayilo basi, choncho fufuzani kaye ngati lanu lili ndi DisplayPort Alt Mode kapena Thunderbolt.

Tsopano pamene ndinapunthwa. Zithunzi zakale za banja lathu zinali mu kompyuta ina yapatebulo, yokalamba, imene ili ndi VGA yokha. Ndinagula kachipangizo kokhala ndi VGA mbali ina ndi HDMI mbali inayo, ndili ndi chikhulupiriro kuti poti mitu yonse iwiri ilipo, zitheka. Sizinatheke. Nditawerenga bwino pa paketi ndinapeza palembedwa HDMI to VGA, pomwe ine ndimafuna VGA to HDMI. Tizipangizo timeneti timayenda njira imodzi ngati mtsinje, ndipo dzina loyambalo ndi la kochokera chithunzi. VGA ndi luso lakale, IBM inalitulutsa mu 1987, ndipo silinyamula mawu ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake koyenerako kamabwera ndi tizingwe tina tiwiri, ka mamilimita 3.5 kolowa pa bowo la mahedifoni ndi ka USB kotengera moto. Mukaona kalibe michira imeneyi, kaikireni.

Patapita milungu ingapo ndinatopa n'kumanyamula laputopu madzulo aliwonse, makamaka poti ana amafuna kuonera ine ndikugwira ntchito. Ndi pamene ndinakumbukira bowo la USB lija. Njira iyi ndiyo yotchipa kuposa zonse, chifukwa fulashi ambiri tili nayo kale m'kabati. Mumakopera kanema, mumalowetsa fulashi ku TV, mumasankha USB pa Source, basi. Koma inandiphunzitsa zambiri kuposa zingwe zonse zija.

Koyamba fayilo ya 6 GB inakana kulowa mu fulashi ya 32 GB yopanda kanthu, kompyuta ikuti fayiloyo yakula. Chifukwa chake n'chakuti mafulashi ambiri amabwera atakonzedwa mwa FAT32, imene siilola fayilo imodzi kupitirira 4 GB ngakhale malo atakhala ochuluka bwanji. Kuti zitheke mumaichita fomati kukhala exFAT kapena NTFS. Kumbukirani kuti fomati imafafaniza zonse, ndiye samutsani kaye zomwe zilimo. Ndipo si TV iliyonse imawerenga mitundu yonseyi. Yathu inakana exFAT koma inalandira NTFS, ndipo ndinadziwa poyesa ndi kafayilo kamodzi kakang'ono ndisanakopere zambiri.

Kenako TV inayamba kusankha. Makanema ena imatsegula, ena imati Unsupported file, onsewo ali a MP4. Zinanditengera nthawi kumvetsa kuti MP4 kapena MKV ili ngati envelopu chabe, ndipo chomwe TV imawerenga ndi kalata ili m'katimo. Kalatayo ingalembedwe mwa H.264, imene pafupifupi TV iliyonse yokhala ndi USB imaimva, kapena mwa H.265, imene ena amaitcha HEVC. Mafoni ambiri amakono amajambula mwa H.265 chifukwa siidya malo, koma ma TV akale saidziwa. Mawu nawonso ali ndi mitundu yake. Filimu ina inkaoneka bwino koma ili chete, chifukwa mawu ake anali a DTS ndipo TV yathu siiwamva.

Zonsezi ndinazithetsa ndi pulogalamu imodzi yaulere yotchedwa HandBrake. Mumatsegula kanema wovutayo, mumasankha Fast 1080p30, mumadina Start Encode, ndipo imakutulutsirani MP4 ya H.264 yokhala ndi mawu a AAC. Fayiloyo nthawi zambiri imachepanso, moti vuto la 4 GB lija limatha lokha. Pa kompyuta yofooka zimachedwa, ndiye ine ndimandandalika makanema angapo usiku, m'mawa ndimapeza zapsa. Ngati filimu ili ndi mawu owerenga pansi, fayilo yake ya SRT muipatse dzina lofanana ndendende ndi la filimuyo ndipo zikhale mu foda imodzi. Ma TV ambiri amaitola okha. Koma hadi diraivi yaikulu yonyamula m'manja inalephera pa TV yathu, inkangolira ti ti ti osatseguka. Bowo la USB 2.0 limapereka moto wochepa, ma milliamp 500 okha, ndipo ma diski ena ozungulira amafuna woposerapo. Ma TV ena ali ndi bowo lolembedwa HDD, ndipo lakonzedwera zimenezi.

Za kuonera popanda chingwe ndinayesako, ndipo ndinena mmene ndinazionera. Windows ili ndi njira yake, batani la Windows pamodzi ndi K, imene imatumiza sikirini ku TV kapena kachipangizo kamene kamamva Miracast, luso lotumizira chithunzi popanda chingwe. Poonetsa zithunzi zoima n'zabwino, koma pa kanema zimadodoma ndipo mawu amatsalira. Chromecast yolowetsa pa bowo la HDMI la TV, imene Google inaitulutsa mu 2013 n'kusiya kuipanga mu 2024, inatchuka chifukwa chotchipa, koma imafuna intaneti poyikonza koyamba ndipo inapangidwira kwambiri zoonera pa intaneti, osati mafayilo anu.

Chimene chinandikhutiritsa ndi kabokosi ka Android kolumikiza ku TV kamene mnzanga anandibwereka. Mu kompyuta ndinaikamo Jellyfin, pulogalamu yaulere imene imasandutsa kompyutayo kukhala nkhokwe ya makanema, ndipo kabokosiko kamakatenga kanema kudzera pa rauta ya m'nyumba, kachipangizo kogawa Wi-Fi. Ambiri sadziwa kuti izi sizidya bandulo: kanemayo amachoka ku kompyuta, kudutsa pa rauta, kufika ku TV, osatuluka m'nyumba. Pulogalamu ina ya Kodi, imene kale inkatchedwa XBMC, nayo imatha kuwerenga mafoda a pa kompyuta mwa njira yomweyo. Kompyuta iyenera kukhala yoyaka nthawi yonse mukuonera, ndipo ngati rauta yanu ili ndi Wi-Fi ya 5 GHz, gwiritsani ntchito imeneyo m'malo mwa 2.4 GHz, imene imadzaza ndi ma netiweki a anthu oyandikana nawo. Chokhacho ndikupempheni, pewani timabokosi topanda dzina tolonjeza matchanelo zikwizikwi aulere. Tina tinapezeka tili ndi mapulogalamu oipa kuchokera kumene tinapangidwa, ndipo mumakhala mwatilowetsa pa netiweki yomwe mafoni a banja lonse amagwiritsa ntchito. Kabokosi ka mnzangayo ndinakabweza patapita mwezi, ndipo sindinaone chifukwa chogulira kanga. Chingwe ndi fulashi zimatikwanira.

Panatsala amayi. TV ya kwawo ndi yakale ija ya msana waukulu, yokhala ndi mabowo atatu okha, lachikasu la chithunzi, lofiira ndi loyera a mawu. Ulendo uno ndinawerenga paketi ya kabokosi kolumikizira kawiri ndisanalipire: HDMI to AV, kuchoka ku laputopu kupita ku TV. Kamafuna moto wa USB, ndiye ndinakalumikiza ku laputopu yomweyo. Chithunzi choyamba chinabwera chopanda mtundu, chikugudubuzika kukwera m'mwamba osaima. Pambali pa kabokosiko pali kaswitchi kakang'ono kolembedwa PAL ndi NTSC, njira ziwiri zimene ma TV akale amagwiritsa ntchito malinga ndi dziko limene anawapangira. Ndinakakankha ndi chikhadabo, chithunzi chinaima, mitundu inabwera.

Pa TV yotero musayembekezere kuwerenga zilembo zazing'ono. PAL ili ndi mizere 576 yokha ndipo NTSC ili ndi 480, choncho mayina a mafoda ankaoneka ngati nyerere, moti kanemayo ndinamutsegulira pa sikirini ya laputopu. Koma nkhope zimaoneka. Ndinawakokera amayi mpando pafupi, ndinadina kuti kanema adzaze sikirini yonse, ndipo mzime uja anatulukira atagwira mwendo wa tebulo. Anausiya, anaponya phazi loyamba, lachiwiri, lachitatu. Amayi anaweramira kutsogolo atatambasula manja onse awiri, akumuitana dzina. Atagwa pa phazi lachisanu anafuula kuti "Mayo, pepa mwanawe!" kenako anandigwira mkono n'kunena kuti ndibwezere poyamba.