Shehe wa ku Joni amene anali wachiwiri kwa Mandela

Ife a ku Mangochi tikamva kuti shehe walowa ndale, timaganiza za aja okhala mpando wakutsogolo pamsonkhano wa chipani, amene amati akapempherera wandale n'kubwerera kwawo ndi envulopu m'thumba la mkanjo. N'chifukwa chake anzanga ambiri amene timaswali limodzi ku Mayfair kuno amati munthu wophunzira dini azingophunzitsa kumadrasa basi. Ine ndimakana, ndipo amene amandikanitsa ndi Moulvi Ismail Cachalia, munthu wa mumzinda uno wa Johannesburg.

Anabadwa mu 1908. Bambo awo, a Ahmad Cachalia, analolera kuti bizinesi yawo igwe kusiyana n'kusiya kulimbana ndi malamulo a tsankho limodzi ndi Gandhi. Mwana wa bambo wotere anakaphunzira ku Deoband, ku India, sukulu imene mashehe ake ambiri ankadana ndi ulamuliro wa Angerezi. Atabwerako sanabise maphunzirowo mumzikiti. Analowa Transvaal Indian Congress, bungwe lomenyera ufulu wa amwenye, n'kumagwira ntchito ndi Dr Yusuf Dadoo, mmodzi wa atsogoleri ake.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha 1952. Nthawi imeneyo mmwenye akanatha kunena kuti mavuto a anthu akuda si ake, iye ali ndi shopu yake. Koma pa Defiance Campaign, pamene anthu oposa 8,000 anamangidwa chifukwa chophwanya dala malamulo a apartheid, mkulu wa odzipereka onse anali Nelson Mandela ndipo wachiwiri wake anali a Moulvi. Mu 1955 anapita kumsonkhano wa ku Bandung, ku Indonesia, kukauza mayiko a mu Africa ndi Asia zimene zinkachitika kuno. Mnzawo wa paulendo anali Moses Kotane, mkomyunizimu. Tangoganizani, abale anga: munthu wa Deoband ndi mkomyunizimu, ulendo umodzi, uthenga umodzi. Sanadikire kuti mnzawoyo ayambe wapemphera ngati iwo. Boma litawapanikiza, a Moulvi anathawa m'dziko, ndipo mu 1967 anatsegula ofesi ya ANC ku New Delhi ndi Alfred Nzo. Anamwalira mu 2003.

Ndale zimenezi sizinawapatse galimoto kapena mpando. Zinawachotsa pakhomo.

Lero Amalawi tadzaza ku Fordsburg ndi ku Mayfair. Ndife timasesa m'mizikiti, kuita azana, kunyamula katundu m'mashopu. Ndimathokoza kuti mu Ramadhani timalandira phukusi la chakudya, ndipo sindikunyoza. Koma mu 2008, pamene anthu 62 anaphedwa m'zipolowe zodana ndi obwera zimene zinayambira ku Alexandra, tinaona kuti phukusi silitchinjiriza munthu. Ndikufuna Lachisanu lina shehe wamkulu adzaime pamimbari, polalikira paja mumzikiti, n'kunena mosapsatira za mnyamata wa ku Machinga amene bwana wake samulipira mokwanira podziwa kuti alibe mapepala oti n'kukadandaula nawo, ngakhale bwanayo atakhala pamzere woyamba.