Mkangano wa fani pa jimu yathu ku Dedza

Pa jimu imene ndimapitako m'mamawa pa boma la Dedza pali fani imodzi yokha, yoimika pansi, ndipo imakhala pakona pafupi ndi njinga ziwiri zopalasa munthu ali pamalo amodzi. Pa zaka zimene ndakhala ndikuchita masewero olimbitsa thupi pamalopa, sindinaonepo chinthu china chimene chimasemphanitsa mawu anthu olemekezana ngati fani imeneyi. Wina akangofika amaiyatsa, wina akaona kuti mnzakeyo wapita kukamwa madzi amaizimitsa. Tsiku lina m'mwezi wa Julayi bambo wina wachikulire, amene amanyamula zitsulo zolemera kuposa anyamata ambiri, anachita kuzula chingwe chake pa soketi n'kundiyang'ana ine amene ndinali pa njinga, nati, "Achimwene, kodi mphepo ya kunjaku sinakukwanireni kuti muzititengeranso ina m'nyumba muno?" Ndinatsika pa njinga thukuta likuchucha m'malaya, ndipo ndinasowa chowayankha chifukwa ndinkaona ndi maso anga kuti iwo anali atavala juzi ndi chipewa, zala zawo zitauma ndi chisanu, pamene ine ndinkamva ngati ndakhala pafupi ndi ng'anjo.

Bambowa sankadandaula pachabe. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera nyanja zikuluzikulu, ndipo phiri limene lili pamwamba pathu limafika mamita 2,198. Mu Juni ndi Julayi munthu ukatuluka m'nyumba kusanache umapeza nkhungu itakuta msewu wa M1, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, ndipo chitsulo chimene chagona usiku wonse m'nyumba ya malata chimaluma m'manja ukachigwira. Munthu wonyamula zitsulo amagwira ntchito kwa kamphindi kochepa, kenaka n'kupumula mphindi ziwiri kapena zitatu asanabwererenso, ndipo nthawi yopumulayo thupi lake limayamba kuzizira. Mphepo ya fani ikamuomba pa msana wonyowa, minofu imaumanso ndipo amayamba kuopa kuti akakoka chitsulo cholemera akhoza kubinya msana. Wopalasa njinga kapena wovina aerobics alibe mpata wopumula wotero, chifukwa minofu ikuluikulu ya m'miyendo imakhala ikugwira ntchito mosalekeza kwa theka la ola kapena kupitirira apo. Tonse awiri tinali m'chipinda chimodzi ndipo mpweya unali umodzi, koma matupi athu anali pa ntchito zosiyana kwambiri.

Zimenezi ndinazimvetsa nditakhala pansi n'kuwerenga za mmene thupi limadzizizitsira. Minofu ikamagwira ntchito, mphamvu imene imachokera ku chakudya siipita yonse ku ntchitoyo. Mwa magawo asanu, gawo limodzi lokha kapena kuposerapo pang'ono ndi limene limapalasa njinga kapena kukweza chitsulo, ndipo otsalawo amasanduka kutentha. Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri pafupifupi 37, choncho kutentha koonjezerako kuyenera kutuluka. Mtima umatumiza magazi ambiri kukhungu kuti akataye kutenthako, ndipo khungu limatulutsa thukuta. Chimene ambiri a ife sitinauzidwe n'chakuti thukuta limaziziritsa thupi pokhapokha likauma pakhungu n'kusanduka nthunzi. Lita imodzi ya thukuta ikauma imachotsa kutentha kwa ma kilojoule pafupifupi 2,400, komwe n'kokwanira kuwiritsa malita 7 a madzi ozizira. Thukuta limene lagwera pansi kapena limene lathera m'thawulo lachotsa madzi m'thupi popanda kuchotsa kutentha kwenikweni.

Aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira kuposa a m'chigubu cha pulasitiki. Dothi la mtsuko limalola timadzi pang'ono kutulukira kunja, timadzito tikamauma timatenga kutentha kwa madzi a mkatimo, ndipo n'chifukwa chake agogo ankaika mtsuko pamthunzi podutsa mphepo. Khungu lathu limachita chimodzimodzi, ndipo ntchito ya fani ndi yofanana ndi ya kamphepo kodutsa pakhonde paja. Fani siiziziritsa chipinda ngakhale pang'ono, moti ukaisiya ikuzungulira m'chipinda mopanda munthu umangotha magetsi pachabe. Chimene imachita ndi kuchotsa mpweya wofunda ndi wachinyontho umene wakuta khungu, n'kubweretsa wina wouma kuti thukuta lipitirize kuuma. Munthu wopalasa njinga pa msewu wa ku Bembeke amadzipangira yekha mphepo imeneyi chifukwa akuyenda, pamene wa njinga ya m'jimu amangokhala mu mpweya womwewo umene wautenthetsa yekha, ndipo ichi n'chimene chinkandichititsa kufuna fani ngakhale pakati pa Julayi.

Pali chikhulupiriro china chimene chimandidetsa nkhawa kuposa mkangano wa chisanu, ndipo ndimachimva kwambiri kwa amayi ndi abambo amene abwera ku jimu kudzachepetsa thupi. Iwo amati fani imalanda phindu la masewero chifukwa imaumitsa thukuta, ndipo thukutalo ndiye mafuta amene akusungunuka. Inenso ndinkakhulupirira zomwezo pamene ndinkayamba. Chaka changa choyamba, m'mwezi wa Okutobala, ndinkavala jekete lamvula la pulasitiki pamwamba pa malaya, ndinkatseka zenera la pafupi ndi njinga, ndipo ndikakwera pa sikelo pomaliza n'kuona kuti kilogalamu imodzi yachoka ndinkabwerera kunyumba wosangalala. Tsiku lina masana, malata atatentha kwambiri, ndinayamba kumva mutu kupweteka, mseru unandigwira, maso anachita mdima, ndipo ndikanagwa pakanapanda mnyamata wophunzitsa masewero amene anandigwira n'kundikhazika pansi. Anandivula jeketelo, anandithira madzi m'mutu ndi m'khosi, n'kuyang'anitsa fani kwa ine. Nditapezako bwino anandiuza mwaulemu kuti, "Bambo, chimene mukutayachi ndi madzi, mukakamwa kunyumba abwerera onse." Ananena zoona, chifukwa m'mawa mwake sikelo inaonetsa kulemera kwanga kwakale.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo munthu wochita masewero mwamphamvu pamalo otentha akhoza kutaya lita imodzi kapena kuposerapo pa ola limodzi. Thukuta ndi madzi ndi mchere pang'ono. Mafuta a m'thupi amatha pamene minofu ikuwagwiritsa ntchito ngati nkhuni, ndipo zotsalira zake zambiri zimatuluka ndi mpweya umene timapuma. Munthu amene watenthedwa kwambiri amatopa msanga, mtima wake umagunda mofulumira pa ntchito yochepa chifukwa ukugawa magazi pakati pa minofu ndi khungu, ndipo amasiya masewero nthawi isanakwane. Madzi otayika akafika magawo awiri pa 100 alionse a kulemera kwa thupi, monga lita imodzi ndi theka kwa munthu wa makilogalamu 75, mphamvu zimayamba kuchepa moonekeratu. Kutentha kwa m'thupi kukapitirira madigiri 40 munthu akhoza kusokonezeka mutu, kukomoka, ngakhale kutaya moyo kumene ngati sanazizitsidwe mwamsanga ndi kuthamangira naye kuchipatala. Kuyambira tsiku limene lija ndimapalasa ndi malaya opepuka fani ili kutsogolo kwanga, ndipo ndimatha mphindi 40 pamene kale ndinkalephera kufika 25. Ndikaona mayi wina atadzikulunga pulasitiki pamimba sinditha kukhala chete, ngakhale ndikudziwa kuti si onse amene amakondwa kulangizidwa ndi munthu amene si mphunzitsi wawo.

Enanso amati mphepo ya fani imayambitsa chimfine. Chimfine chimayamba ndi tizilombo ta mavairasi timene timachoka kwa munthu wina kupita kwa mnzake, ndipo chipinda chotseka mazenera onse, momwe anthu khumi akupuma mwamphamvu moyandikana, n'chimene chimathandiza tizilomboto kufala. Tinaphunzira zimenezi mowawa mu 2020 ndi 2021 nthawi ya Covid-19, koma zikuoneka kuti chisanu cha Dedza chatiiwalitsa msanga. Komabe sindingatsutse dandaulo la mayi wina wa mphumu amene timachita naye masewero, chifukwa mpweya wozizira ndi wouma umathadi kufinya njira za mpweya kwa anthu odwala nthendayi, ndipo fumbi limene fani imautsa pansi posasesa bwino limawonjezera vutolo. Mayiyu ali ndi chifukwa chomveka chokanira kuti fani imuyang'ane kumaso, ndipo ife ena tiyenera kumumvera popanda kumufunsa kawiri.

Bungwe la akatswiri a zamasewero ndi zaumoyo la American College of Sports Medicine limalangiza kuti zipinda zochitira masewero zizikhala pa madigiri a pakati pa 20 ndi 22. M'maiko amene majimu ali ndi makina oziziritsira ndi otenthetsera mpweya, munthu amangodina batani n'kupeza mulingo umenewu. Kwathu kuno makina otere amadya magetsi a mawati 1,000 kapena kuposa, pamene fani yoimika pansi imadya mawati ongopitirira pang'ono 50, ndipo mwini jimu amene amalipiritsa ndalama zochepa pamwezi sangakwanitse kugula magetsi a makinawo. Mwayi wathu ndi wakuti kwa miyezi yambiri nyengo ya Dedza payokha siitalikira kwambiri mulingo umenewu. Vuto limabwera m'mamawa wa Juni ndi Julayi pamene kumazizira kupitirira, komanso masana a Okutobala ndi Novembala pamene denga la malata lopanda siling'i limasandutsa chipinda kukhala uvuni ngakhale kunja kuli kamphepo.

Boma lathu lomweli lili ndi nyengo ziwiri. Munthu akatsika chitunda cha Golomoti kupita ku Mua ndi Mtakataka amakhala watsika mamita pafupifupi 1,000, ndipo mpweya umafunda ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene watsika. Mnzanga wina amene amagwira ntchito kumunsiko amaseka ndikamuuza kuti ife timakangana za kuzimitsa fani, chifukwa kwawoko mu Okutobala palibe amene angayerekeze kutero. Komatu kumeneko n'kumene fani imafunika kusamala nayo, pakuti khungu la munthu limakhala pa madigiri pafupifupi 35 akatenthedwa, ndipo mpweya ukatentha kuposa pamenepo fani imayamba kuuzira kutentha pathupi. Imathandizabe ngati khungu lili lonyowa ndipo munthu akumwa madzi okwanira, koma kwa okalamba amene satuluka thukuta lambiri ikhoza kuwonjezera vuto. Masiku otero nzeru ndi kusintha nthawi, kuchita masewero mbandakucha, m'malo modalira fani masana.

Pa jimu yathu nkhaniyi tinaikambirana titamaliza masewero Loweruka lina, ndipo amene anaiyambitsa ndi bambo omwe aja amene anazula chingwe. Iwo anati sakufuna kuti anthu azibwera kudzalimbitsa thupi n'kumabwerera ndi mkwiyo mumtima. Tinagwirizana zosuntha njinga ziwiri zija n'kuziika pafupi ndi zenera la kumapeto, fani n'kuiyang'anitsa kwa opalasa okha, ndi kuletsa mutu wake kuti usamazungulire chipinda chonse. Onyamula zitsulo anatenga mbali ya kukhoma kumene mphepo siifika, ndipo mnyamata wophunzitsa uja anayamba kuumirira kuti m'nyengo yozizira aliyense ayambe watenthetsa thupi kwa mphindi 10 asanagwire chitsulo cholemera, kaya ndi kulumpha chingwe kapena kuthamanga pang'onopang'ono pabwalo. Tinagwirizananso kuti mazenera awiri oyang'anizana azikhala otsegula ngakhale pang'ono nyengo iliyonse, ndiponso kuti wofuna kuyatsa kapena kuzimitsa fani aziyamba wafunsa amene ali pafupi naye.

Sindinganene kuti zonse zinatheratu pomwepo. Magetsi akazima, zomwe zimachitika kawirikawiri, fani imangokhala chiimire ndipo ife a njinga timachepetsa liwiro kapena kutuluka kukathamanga mumsewu wopita kuphiri. Alendo amene sakudziwa pangano lathu amafikira kuitembenuzira kumene akufuna, ndipo wina amayenera kuwafotokozera mofatsa. Chinthu china chimene ndinaphunzira kwa bambo aja ndi kubwera ndi malaya ena ouma m'chikwama, chifukwa munthu ukatsika pa njinga uli wonyowa n'kutulukira mu mphepo ya Julayi, thukuta lomwe lija limapitiriza kuuma ndipo umafika kunyumba ukunjenjemera. Tsopano ndikangomaliza ndimazimitsa fani ndekha, ndimadzipukuta, ndimasintha malaya n'kuvala juzi ndisanatsegule chitseko.

Panopa tikusonkherana ndalama pang'onopang'ono kuti tigule fani yachiwiri, ya batire yotchaja ndi sola, isanafike Okutobala. Mndandanda wa osonkha uli pakhoma pafupi ndi sikelo, ndipo sabata yatha bambo aja anandiitana nditangofika n'kundifunsa kuti, "Achimwene, ya sola ija mwaipeza pa mtengo wanji ku Lilongwe?"